Sitima ya ku Lisbon inandisiya shuga atatsika

Okondedwa mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Lirangwe. Ine ndimadwala shuga, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene nthendayi inatsala pang'ono kundigwetsera kudziko la eni.

Kwa zaka zambiri ndinkanyamula zikwama za anthu pabwalo la ndege ku Chileka, koma ndegeyo ndinali ndisanaikwerepo. Nditapuma pantchito, mwana wanga Esinta, amene ndi namwino ku Ulaya, ananditumizira tikiti, ndipo nditafika kumeneko, tsiku lina anapempha tchuthi kuti akandionetse mzinda wa Lisbon.

Tsiku limenelo ndimalisowa mpaka pano. Tinakwera kasitima kachikasu kokwera mitunda pakati pa nyumba, tinalowa m'tchalitchi chakale chozizira ngati madzi a mumtsuko, kenako tinaima pamtsinje waukulu pomwe zombo zinkanyamukira kupita ku Mozambique, kwawo kwa agogo anga. Esinta ankangoti, "Ababa, tidyeko kaye." Ine ndi liuma langa ndinkakana, maso ali pa zipilala, chonsecho m'mawa ndinali nditabaya jakisoni wotsitsa shuga. Kutatentha ndinamupatsa jekete langa kuti andinyamulire, ndipo foni ndi masiwiti zinali momwemo.

Masana tinatsikira kusitima yoyenda pansi pa nthaka. Chitseko chitatseguka Esinta analowa, ine ndinapatuka kuti amayi awiri achikulire alowe kaye, monga tinaleredwera. Chitseko chinangotsekeka. Ndinamenya m'mbali mwa sitimayo ngati minibasi ya ku Lunzu, koma kumeneko kulibe kondakitala wokumvera chisoni, ndipo inanyamuka ndi Esinta.

Posakhalitsa manja anayamba kunjenjemera, thukuta lili chuchuchu, ndipo ndinadziwa kuti shuga watsika. Ndinayesa kuimitsa anthu, koma lilime linali litalemera, ndipo ankandilambalala poganiza kuti ndaledzera. Ndinakhala pansi nditatsamira khoma, mantha atandigwira. Mabokosi a anthu ofera kunja ndinatsitsa ambiri pa Chileka, ndipo ndinaona mmene abale amalirira kuseri kwa mpanda. Ndinapemphera mokweza kuti, "Ambuye, musalole mwana wanga akweze bokosi la bambo ake m'ndege."

"Bambo, mwatani?"

Anali mayi wina wosesa pasiteshonipo, tsache lili m'manja. Anati kwawo ndi ku Milange, ku Mozambique, ndipo anamva pemphero langa akudutsa. Ndinangokwanitsa kunena kuti, "Shuga." Anathamanga n'kubwera ndi tiyi wa m'fulasiki mwake, wotsekemera zedi, ndi buledi amene anasungira nkhomaliro yake. Anandimwetsa yekha chifukwa kapu sindikanatha kuigwira.

"Musasunthe pano," anatero. "Mwana wanuyo abwerera, sitimazi zimapita n'kubwera."

Anabweradi Esinta, akulira uku akundikalipira. Pamene maso anga amayera bwino, mayi uja anali ataitanidwa ndi bwana wake, ndipo sitinamuonenso.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa ndinabwerera ku Chileka nditakhala pampando, ndipo ndinatsika ndege ndi miyendo yanga. Inu amene mwapanikizika, musaleke kuitana, ngakhale pamalo pomwe mukuganiza kuti palibe wokumvani. Koma chimodzi chimandipweteka. Ndinadya chakudya cha mayi uja chonse, iye n'kukagwira ntchito ndi njala, ndipo dzina lake sindinamufunse. Mukamapemphera muzimukumbukirako, Mulungu akumudziwa.