Ali Kumbuyo Kwanu

Malemu alamu anga, a Norris Tattersall, anabadwa pa 9 Malichi 1946 kuno ku Oldham, achitatu m'banja la ana asanu. Ine wowerenga mbiriyi ndine Gordon Entwistle, mwini masitolo asanu ndi awiri a makapeti, amene ndinayamba ndi wilibala imodzi. Ambiri a inu mumaponda katundu wanga kunyumba kwanu.

Sukulu anayamba mu 1951, ndipo mu 1961 anaisiya n'kukalowa ntchito ku fakitale ya thonje. Kumeneko anawachotsa chifukwa chotsanzira kayendedwe ka kapitawo, mwiniwakeyo ali chiimire kumbuyo kwawo.

Mu 1968 anayamba kuseketsa anthu m'makalabu a antchito. Pa 12 Juni 1971 anakwatira mlongo wanga Glenys. Suti anavala yanga, buluku n'kuwathera m'misongolo, moti anthu anayamba kuseka asanalowe n'komwe m'tchalitchi.

Kuyambira 1979 ankaoneka pa kanema Loweruka lililonse. Inetu ndayenda: Dubai, Toronto, Singapore, ku Sydney kawiri. Konseko ndikangoti ndine mlamu wa a Norris, mpando wabwino unkapezeka. Koma mu 1994 mabwana a kanemawo anawachotsa ndi kalata ya mizere itatu, dzina atalilemba molakwika. Lero abwera ndi nkhata ya maluwa iyi, yaikulu ngati tayala la thalakitala. Dzina alakwitsanso. Zamanyazi!

Chimene malemu ankachikonda koposa ndi sewero la pa Khirisimasi. Kwa zaka makumi anayi ankavala diresi ndi wigi, n'kusanduka mayi wamasiye wolongolola. Mwambo wake mukuudziwa. Wakuba amanyang'ama kumbuyo kwa mayiyo, mayiyo n'kufunsa kuti, "Ali kuti?" Ndiye holo yonse imakuwa, "Ali kumbuyo kwanu!" Anthu akapanda kuyankha, sewero lafa.

Pa 17 Disembala 2022 kampani ina inagula matikiti onse a sewerolo kuti antchito ake akasangalale. Ine ndinalipo. Antchitowo anafika atakhuta mowa, maso onse pa foni. A Norris, munthu wa zaka 76, maondo akuwawa, anafunsa, "Ali kuti?" Kunali zii. Anafunsanso. Wina anageya. Kachitatu anangotembenuka okha n'kumupeza wakubayo. Anamfedwa, ine ndinadyapo nsomba yowola ku Iceland mbale n'kuyeretsa, koma chonyansa ngati cha tsiku limenelo sindinachionepo.

Atavula wigi anandiponyera diresi lija.

"Alamu, andiiwala. Tengani ili, mwina mupangira kapeti."

"Musandinyoze, achimwene. Maluwa onyansa chonchi m'sitolo mwanga salowa."

Anamwetulira pang'ono chabe. Pa siteji sanakwereponso.

Mu Januwale 2024 anayamba kudwala mtima. Anagonekedwa m'chipatala katatu, ndipo anatisiya pa 3 Novembala 2024, a Glenys atawagwira dzanja. Mpaka tsiku limenelo ankakhulupirirabe kuti palibe akuwakumbuka. Tinawauza kuti si zoona, koma mawu a achibale sanawakwane. Iwo ankafuna holo.

Malemu asiya mayi a kunyumba a Glenys, ana awiri, Denise ndi Malcolm, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino onse, a Mavis Holroyd amene ankasoka madiresi aja, ndi abusa athu. Kapeti yatsopano mwapondayo ndayala ndine, musavutike kundithokoza. Mabwana a kanema mwakhala kutsogolo kuno osaitanidwa, potuluka mutenge tayala lanu.

Mzimu wa a Norris uuse mumtendere. Koma sungause funso lawo lija lisanayankhidwe, ndipo abusa andilola. Zimitsani mafoniwo. Bokosi lili apa, ine ndalifulatira, ndipo sinditembenuka mpaka mawindo a tchalitchi chino atanjenjemera.

Kodi a Norris ali kuti?