Manda a ku Ntcheu amene bambo anga sanawaone

Moni awulutsi ndi omvera nonse. Ndine mayi wa m'dera la Unit L kuno ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe. Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzafuna ntchito, ndipo sanabwererenso kwawo.

Atadwala sitiroko, ankangokhala pampando. Tsiku lina ndikusinthasintha matchanelo, ndinapeza kanema wa boma la China. Bambo anati, "Siya pomwepo." Anamukonda kwambiri. Ankaseka akaona nkhalamba zikuvina m'mapaki m'mawa, ndipo ankadabwa ndi amayi othyola tiyi m'mapiri.

Masana ena anaonetsa mwambo wawo wosesa manda. Mabanja ankayenda ulendo wautali kukalambula manda a makolo, kuikapo maluwa ndi kugwada. Nditacheuka, ndinaona misozi ikutsika pa masaya a bambo.

"Mwananga, anthu awa sataya makolo awo. Ine manda a mayi anga sindinawaonepo. Kodi alipo amene amazulapo udzu?"

Ndinawayankha m'Chishona monga ndinazolowera, "Tichaenda, baba." Apa ndinkawalonjeza kuti tidzapita ku Ntcheu mvula ikatha. Koma mvula isanathe, bambo anatisiya.

Tinawaika kuno komwe. Dzina la mudzi wawo ndimalidziwa, koma dzina la agogo anga sindinafunse, ndipo palibenso wondiuza. Mtima umandiwawa.

Anzanga obadwira kuno, ngati makolo anu akali moyo, khalani nawo pansi lero. Afunseni za kwawo, ndipo akapempha kupita, musadikire kuti mvula ithe.