Ng'ombe Zimene Sizinapite ku Mzimba

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni kulikonse kumene uthengawu wakupezani. Dzina langa ndi Tiwonge, ndimasoka zovala pamsika wa ku Kawale. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene banja langa linatsala pang'ono kutha lisanayambe n'komwe, chifukwa ndinasowa munthu mmodzi yekha woti aimirire pagulu n'kunena kuti mwana uyu ndi wathu.

Ndinabadwira ku Kawale konkuno. Bambo anga anali Mchewa wa ku Dowa, mayi anga Mtumbuka wa ku Mzimba, ndipo onse awiri tinawaika m'manda a m'tauni muno. Kumudzi sitinkapitako. Ku Dowa ndinapondako kawiri ndili wamng'ono, ku Mzimba ayi ndithu, ngakhale kamodzi. Munthu akandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndinkayankha mwamatama kuti kwathu ndi ku Kawale, kuseri kwa chigayo. Pakamwa panga sipachedwa, amene amandidziwa angakuuzeni, ndipo nkhani za mitundu ndinkaziona ngati za anthu osowa chochita.

Kenaka kunabwera Yohane, makaniko wa ku Biwi amene tinkaimba limodzi kwaya. Munthu wofatsa, wa manja akuda ndi oyilo koma wa mtima woyera. Atandifunsira ndinavomera, ndipo amalume ake anabwera kuchokera ku Dedza kuti ayambe dongosolo. Atakhala pansi anafunsa funso limodzi lokha: "Ife takonzeka. Nanga nkhoswe wa mkaziyu ndani?"

Ine ndinatchula bambo wina woyandikana nafe nyumba, amene anandiona ndikukula. Amalumewo anapukusa mutu. "Woyandikana naye nyumba amasamuka, mwanawe. Mawa utadwala mwakayakaya, kapena Mulungu atakutenga, uthenga tikapereka kwa yani? Tikufuna wamagazi." Kutchalitchi nakonso abusa anandiuza mwachifundo kuti ukwati sungalengezedwe popanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Ndinakwera minibasi kupita ku Dowa kwa azakhali anga, mlongo wa bambo. Anandilandira bwino, nkhuku inafa, koma nditafotokoza chimene ndadzera nkhope yawo inasintha. Anati kwawoko mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo nkhoswe wa mtsikana ndi amalume ake. Anati iwo akaimirira, mawa akuchikazi adzawaimba mlandu wolanda mwana wa eni. Ndinabwerera nditanyamula thumba la mtedza, koma chimene ndinapitira ndinachisiya komweko.

Ndinatembenukira kumpoto. Mayi wina wogulitsa nyemba pamsika wathu, amene kwawo ndi kufupi ndi kwa mayi anga, anafufuza mpaka anandipezera nambala ya foni ya pakhomo pa amalume anga. Anayankha ndi akazi awo, chifukwa amalumewo anali ku Joni kuntchito. Mayiwo anakwatiwa pakhomopo mayi anga atachoka kale, ndiye nkhani yawo sankaidziwa. Anandifunsa kuti, "Kodi abambo ako anamaliza zonse kuno?"

Apa ndiyenera kuulula chimene ndinachibisa zaka zambiri. Bambo anga sanapereke malowolo. Anathawitsa mayi anga ali mtsikana, n'kubwera nawo ku Lilongwe, ndipo agogo anga aamuna analumbira kuti mwana wawoyo asadzapondenso pakhomo pawo. Mayi ankauza anzawo onse kuti anawalowola ndi ng'ombe zisanu, ndipo choonadi anandiuza ine ndekha ali pafupi kumwalira, akulira ndi manyazi. Ndiye pa foni paja, kwa munthu amene sindinamuonepo, ndikanayamba bwanji kuvula mayi anga ali m'manda? Ndinayankha kuti inde, anamaliza zonse.

"Ndiye kuti ndiwe wa kuchimuna," anatero mayiwo. "Ng'ombe zikalowa m'khola, ana ndi a bambo. Pita kwa abale a abambo ako." Foni inaduka.

Abale anga, ndinasowa mtengo wogwira. Ku Dowa akuti ndine wa ku Mzimba, ku Mzimba akuti ndine wa ku Dowa, ndipo aliyense akunena zoona malinga ndi mwambo wa kwawo. Panalibe woti ndimukwiyire, panalibe khomo lina loti ndigogode. Tsiku la chinkhoswe linasunthidwa kawiri. Diresi limene ndinadzisokera ndekha linakhala pa msomali mpaka ndinaliphimba ndi chitenje kuti ndisamalione. Mphekesera zinandipeza kuti abale a Yohane akunditchula kuti mkazi wopanda kwawo, ndipo amalume ake ananena kuti pofika nthawi yokolola zinthu zikakhala chomwechi, mnyamatayo ayang'ane kwina.

Kwaya ndinasiya. Ndinkasoka madiresi a maukwati a anzanga misozi ikugwera pa nsalu, makasitomala n'kumaganiza kuti ndi chimfine. Tsiku lina ndinauza Yohane kuti ndamumasula, akapeze mkazi amene ali ndi anthu ake. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Iye anangoyang'ana pansi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu onse a abale ake. Ndinadziwa kuti nayenso watopa.

Mapemphero anga a masiku amenewo sanali okoma, ndisakunamizeni. Ndinkakangana ndi Mulungu ngati mmene ndimakanganirana ndi kasitomala wovuta. Ndinkati, Ambuye, ngakhale nkhuku dzuwa likalowa imadziwa kolowera, nanga ine munandilengeranji wopanda khola? Kenaka mawu anandithera. Ndinkangogwada n'kunena kuti ndithandizeni, basi, chifukwa nzeru zanga zonse zinali zitatha.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, pashopu panga panabwera mkulu wa mpingo wathu, a Gondwe, bambo wokalamba wa kumpoto amene anapuma ntchito ndipo amakhala ku Area 25. Anabwera ndi jekete loti ndilichepetse. Ndikuwayeza mapewa, anafunsa chifukwa chimene sindikuonekeranso kukwaya. Ndinawafotokozera za Dowa ndi za foni ija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso lomwe lija: "Ng'ombe zinapita?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname kachiwiri, koma mphamvu zonamira ndinalibenso. Ndinati ayi, ngakhale mbuzi sinapite, mayi anga anachita kuthawitsidwa. Ndinabisa nkhope ndi jekete lawo lomwelo, ndikudikira kuti andinyoze.

Anaseka, abale anga. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, chitseko wadzitsekera wekha. Kwathu ng'ombe zikapanda kupita, ana satuluka. Iwe ndiwe wa kwa amayi ako mwa mwambo wa Achewa, ndiwenso wa kwa amayi ako mwa mwambo wathu. Mayi uja anakuyankha molondola, koma iwe unamupatsa bodza."

Ndinachotsa jekete lija kumaso. Miyezi yonse ija ndinkalira panja pa nyumba imene kiyi wake anali m'thumba mwanga. Akulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya phula chifukwa cha manyazi.

A Gondwe anatenga foni yanga pomwepo n'kuimbira akazi a amalume aja. Anayankhula Chitumbuka chimene ine ndinangotolamo dzina la mayi anga. Anapatsidwa nambala ya ku Joni, n'kuimbanso. Sindinamve chimene amalume ananena, koma ndinaona a Gondwe atavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Patatha masabata atatu amalume anga anafika. Anayamba apita kumudzi, kenaka anakwera basi yobwera ku Lilongwe. Ndinakawachingamira kudepoti osadziwa nkhope yawo, koma iwo atangondiona anaika chikwama pansi n'kuchikhalira. Akuti ndinaima ndendende ngati mlongo wawo tsiku limene anamuona komaliza. Asanamwe ngakhale madzi anapempha kuti ndiwaperekeze kumanda, ndipo anagwada pamenepo nthawi yaitali akuyankhula ndi mayi anga m'chinenero chimene mayiwo sanandiphunzitse.

Loweruka lotsatira anakumana ndi amalume a Yohane. Funso lija la nkhoswe litafunsidwanso, amalume anga anaimirira, n'kunena kuti mwana uyu ndi wathu, akadwala uzani ine, akalakwa uzani ine. Kenaka anaonjezera kuti popeza mkaziyu ndi wa ku Mzimba, a ku Dedza akonzeke kukamba za ng'ombe. Yohane anatuluka thukuta, koma ndinali ndisanamuonepo akumwetulira chomwecho. Anagwirizana mwamtendere, ndipo ukwati wathu unalengezedwa kutchalitchi milungu itatu yotsatizana popanda wotsutsa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatenga chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi koposa n'kuchisandutsa khomo langa lolowera. Ndikuthokoza a Gondwe ndi jekete lawo, limene ndinalisoka kwaulere ngakhale anakana mpaka kukwiya. Inu amene munabadwira m'tauni ngati ine, funsani makolo anu akadali moyo, ndipo chimene akuuzani musachikongoletse. Inu amene makomo onse akutsekerani, musaleke kugwada, ngakhale pemphero lanu litatsala mawu amodzi.

Amalume asanabwerere anandipatsa uthenga umene anausunga mpaka zonse zitatha. Agogo anga aamuna, amene analumbira aja, ali moyo. Atamva za ine anakhala tsiku lonse osadya, kenaka anati: "Ng'ombe sizinabwere, ndiye kuti mwana wanga sanachoke pakhomo pano. Ndine ndinamutsekera kunja." Ati ndisachedwe kupita, chifukwa maso awo atsala pang'ono kutha, ndipo akufuna aone nkhope ya mwana wawo pa ine.