Pepala la Masheya M'thumba

Pa mzere wolipirira m'sitolo, bambo wina wa imvi anatambasula pepala n'kuonetsa mayi amene anaima pambuyo pake.

"Onani, mayi. Kampani ya timakina tolipirira ndi khadi timeneti. Amene anagula masheya ake zaka khumi zapitazo, ndalama zawo zabereka kasanu."

"Inuyo munagula liti, bambo?"

"Dzulo. Ndaikamo penshoni yonse."

"Phindu la zaka khumizo anadya ena. Pepalali likunenapo za mawa?"

"Chokwera chimakwerabe."

"Akazi anu akudziwa?"

"Zimenezo sizikukukhudzani."

"Pepani. Malemu amuna anga ankayendanso ndi pepala lotere m'thumba. Ndinalipeza pochapa, nyumba itagulitsidwa kale."

Mzere sunasunthe.

"Kodi kutsogoloku chavuta n'chiyani?" anafunsa bamboyo.

Mayiyo anasuzumira kutsogolo. "Kamakina kanu kaja, bambo. Kakana khadi lachitatu."