Ndinapambana Dibeti ya Magemu

Ba muulutsi, ndine mtsikana wa Giredi 11 kuno ku Mpanshya.

Pa dibeti ya kusukulu tinkatsutsana za chifukwa chimene makina atsopano a magemu a pa TV akugulidwa mwachangu chonchi ku Lusaka. Mnzanga wapamtima, mwana wa ba nesi, anati anthu akuwakonda chifukwa magemu ake ndi osangalatsa. Iye amayi ake anamugulira makinawo, ndipo ine zinkandiwawa mumtima.

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Akugula ndi odzionetsera basi!"

Kalasi yonse inamuyang'ana n'kuseka. Ndinapambana.

Potuluka mnzangayo anandiuza kuti, "Iwe, rimoti yachiwiri yosewerera ndinasungira iweyo."

Tsopano Loweruka lililonse ndikamadutsa ndi chigubu cha madzi, ndimamva mtsikana wina akuseka m'nyumba mwawo.