Nsalu ya pa Chishalo

Pa siteji ya basi ku Lupembe panaima sikuta yotuwa ndi fumbi. Mwini wake, mlangizi wa zaulimi, ankawongola msana pamene mayi wina wodikira basi anamuyandikira.

"Mwachokera kutali, adada?"

"Ku Mzuzu, mayi. Pakanapanda nsalu iyi, miyala ya ku Chiweta ikanandithyola msana. Akazi anga anandipindira pa chishalo, n'kumanga ndi mphira."

"Koma mwaiyang'ana mkati?"

"Ayi. Zovala ndi mpope ndinalongedza ndekha m'bokosimu, koma nsaluyi sindinaikhudze. Bwanji?"

"Tafunyululani. Mchira wa tambala wakuda ukusuzumirawu ndikuudziwa, nanenso nsalu yotereyi ndili nayo."

Mlangizi anafunyulula, n'kuona nkhope ya Pulezidenti pakati pa nsaluyo.

"Mayo ine, nsalu ya chipani! Ndiye kuti ulendo wonsewu ndakhalira nkhope ya..."

"Musatchule! Ayufi a chipani atseka msewu pa Mwenilondo, akufufuza katundu yense. Ikoloweni pakhosi, nkhopeyo ioneke bwino."

Mlangizi anakoloweka, mtima n'kukhala pansi.

"Mwandipulumutsa, mayi! Koma chishalo chopanda kanthu chonchi, msanawu ulira."

"Ulire, adada. Bola ukalirire kunyumba, osati kundende."