Tsiku Lomwe a Kachimanga Sanadzuke

Malemu achimwene anga, a Wilfred Kachimanga, anabadwa pa 3 Malichi 1949 ku Ntcheu. Ndikuwerengane ndine Watson, mng'ono wawo. Mundipirire, anamalira.

Anamaliza maphunziro auphunzitsi mu 1972, ndipo mu 1976 anamanga banja ndi alamu angawa, mayi Perpetua. Mu 1988 anabwera kuno ku Gaborone kudzaphunzitsa masamu, ine n'kuwalondola.

Achimwene sankadziwa kukhala pansi. Mu 1991 anatisonkhanitsa azibambo asanu ndi mmodzi, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, n'kuyambitsa timu ya basiketibolo, Agologolo a ku Sebele. Sitinkalimbirana chikho ayi, yathu inali yachionetsero: kuzunguza mpira pachala, kuubisa m'malaya, kuuponya titafulatira. Tinazungulira m'masukulu, ndipo ambiri amene akusewera lero anayamba kugwira mpira ataonera ife.

Chomwe anthu ankadikira chinali kumapeto. Achimwene ankagwira pachifuwa n'kugwa ngati akomoka. Ntchito yanga inali kuthamangitsa aliyense wofuna kuwathandiza, mpaka gulu litakuwa katatu mfuu yachisangalalo ya kuno ija yakuti "Pula!" Apo ankadzambatuka n'kugoletsa.

Loweruka pa 14 Juni chaka chino cha 1997, ku Ramotswa, anagwa msanga kuposa masiku onse. Anthu anaseka, naomba m'manja. Anakuwa katatu. Anakuwa kachinayi.

Alamu, ndinakuuzani kuti tinathamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Ndinanama. Anesi amene anali m'gulumo, mayi Immaculata, anaona kuti sizili bwino, n'kulowa m'bwalo akuthamanga. Ine ndinawatchingira manja ali tambasu, ndikuvinavina, anthu akufa nazo nseko. Kawiri konse ndinawabweza! Pomwe ndinkagwada kuti ndiwanong'oneze achimwene kuti zakwana, maso anali atatembenuka kale. Adokotala akuti unali mtima. Zoti akanapulumuka kapena ayi, ndinaopa kufunsa.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana atatu, Stephano, Lina ndi Charlotte, komanso mdzukulu mmodzi.

Tikuthokoza a mpingo, aphunzitsi anzawo, ndi nonse amene mwagona nafe panja m'chisanu chino. Aneba athu a kuno, tikuthokoza m'chilankhulo chanu: re a leboga. Mayi Immaculata, zikomo. Munasunga pakamwa, koma ine zandikanika.

Alamu, mawa thupi linyamuka kupita ku Ntcheu. Mukandilola kukwera nawo galimotoyo, ndikwera. Mukakana, sindidandaula.

Achimwene, usani mumtendere.